Nsapato Zobwereka za Jemima

"Elube, mwanayu akakaoneka wotuwa kukhotiko atilanda, akamupatsa bambo ake. Ndakuchenjeza ine," anatero gogo Nasoko uku akupaka mafuta mdzukulu wawo Jemima mpaka kuwala. Diresi ndi nsapato anali atabwereka kwa aneba awo ku Chinsapo.

Elube, mayi wa mwanayo, amakapempha khoti kuti likweze ndalama ya chithandizo. Chithereni banja, Godwin, bambo ake a Jemima, ankapereka K1,500 pamwezi, miyezi ina n'kudumpha, pomwe ufa unkangokwera mtengo.

M'khotimo Godwin sanalimbane ndi munthu. Anangoloza Jemima.

"Bwana, taonani nokha. Nsapato zoterezi ngakhale ana anga a kwa mkazi winayu alibe. Akusowa chiyani ameneyu?"

Elube anati ayankhe, koma gogo anamutsina pantchafu. "Khala chete iwe! Ukaulula kuti n'zobwereka amutenga."

Woweruza anayang'anitsitsa mwanayo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kugamula kuti ndalamayo ikhale momwemo.

Atangotsika minibasi, gogo anamuvula Jemima nsapato zija kuti zisade asanazibweze kwa eni ake.

"Waona, Elube?" anatero, mwanayo akudumphadumpha pafumbi lotentha. "Tabwera naye mwana wathu."