Beseni la Maluwa la Apongozi

Manjalende anaviika chigongono m'beseni. Madzi anali otentha kwambiri, ndiye anathiramo ozizira pang'ono n'kuyesanso. Dzina limeneli anamupatsa ndi apongozi ake aakazi chaka chimene anakwatiwa, ndipo linamukakamira ngati chisoso, ngakhale kuti m'nyumba monsemo munalibe manja otopa kuposa akewo.

Maluwa anali atathyola m'mawa kuseri kwa nyumba, ofiira aja amene sapoperedwa mankhwala. Anawayoyola bwinobwino, kuchotsa minga ndi tizilombo, n'kuwamwaza pamadzipo. Umu ndi mmene apongoziwo ankafunira. Pa utsikana wawo ankagulitsa maluwa pamsika, ndipo otsala ankawasambira, ati amafewetsa khungu ndi kuchotsa kutopa. Miyendo itakana, kubafa anasiya kupita, koma maluwa sanawasiye. Beseni ndilo linkawalondola pabedi, ndipo wolinyamula tsiku ndi tsiku anali Manjalende.

Kunena zoona, anali atatopa nazo. Msana unkamuwawa, maso ali psuu chifukwa chosagona. Zaka zonsezi zikomo sanamumvepo. Madzi akafunda, ati azizira. Akatenthako, ati ukufuna kundisosola ngati nkhuku. Mwamuna wake ankangoti pirira, ndipo ana ena a mayiwo ankadwazika pafoni, kufunsa ngati amayi adya.

Koma lero kunali ulendo. Galimoto inali m'njira kudzatenga mayiwo, ndipo alamu ake aakazi, mwana woyamba wa apongoziwo, anali atafika kale, akulankhula motsitsa mawu pabalaza. Alamuwo ndi aja amayamba aona fumbi pazenera asanapereke moni. Manjalende ankawaopa ndithu, komabe chimene chinkamudya mtima chinali china. Tsiku lina apongozi anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe Manjalende, tsiku limene ndidzatuluke m'nyumba muno, anthu asadzandione wotuwa mbuu. Ndidzanunkhire maluwa, osati mankhwala." Pa zonse zimene ankamulamula, ichi chokha ndicho ananena mopempha.

Manjalende anayamba kuwasambitsa kumaso, kenako kuseri kwa makutu, m'khosi, mpaka pakati pa zala.

"Pepani amayi, ndikutembenuzeniko pang'ono."

Kumsana kunalibe chilonda n'chimodzi chomwe, chonsecho munthu wagona zaka. Apa Manjalende ananyadira yekha mumtima. Madzi atayamba kuzizira, anatenga ketulo n'kuwonjezamo otentha, chigongono n'kubwereranso m'beseni. Zidendene anazikhulira nthawi yaitali, poti ndi pomwe pankayambira milandu yambiri. Lero mlandu panalibe.

"Lero ndiye mwandilekerera, amayi," anatero. "Kapena mukuchita manyazi ndi alendo?"

Anawapukuta modekha, osakhula, monga anamuphunzitsira okha. Anawadzoza mafuta mpaka khungu linayamba kuwala. Kaduwa kamodzi kanamatirira paphewa, ndipo anakasiya pomwepo. Kenako anatsegula sutikesi n'kutulutsa diresi la buluu lija ankaletsa munthu aliyense kulikhudza, n'kuwaveka. Fungo la mankhwala linali litathawa, chipinda chonse chikununkhira ngati dimba mvula itangokata. Manjalende anakhala pansi, natsamira khoma. Zaka zonsezi akunyamula madzi a maluwa, iye mwini anali asanawasambepo.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Alamu aja analowa, naima kumiyendo kwa bedi. Anagwira phazi la mayi awo, nalisisita ndi chala. Manjalende anadikira chipongwe, koma sichinabwere.

"Khungu ngati la khanda," anatero alamuwo. Kenako maso awo anagwera pa ketulo, yomwe inali ikufukabe nthunzi. "Koma mlamu, munavutikiranji kutenthetsa madzi? Amayi sangamvenso kuzizira."

Manjalende anayang'ana chigongono chake chonyowa, ndipo misozi imene inakana kutuluka chimwalirireni mayiwo inayamba kutsika.

"Amadana nawo madzi ozizira," anatero.

Panja galimoto inaima, amuna n'kuyamba kutsitsa bokosi.