Mbuzi ya Jeremiya

“Mayi, anakuphunzitsani kusunga ndalama ndani? Makolo, abale kapena anzanu?” anafunsa mlendo wina amene ankachita kafukufuku.

Esinala anayang'ana mbuzi zake pansi pa mtengo wa masawu. Mlongo wake Jeremiya ndiye ankakonda kunena kuti ndalama ya thonje isamagone m'nyumba, izisanduka mbuzi. Koma Jeremiya anatengedwa atakana kugula khadi la chipani, ndipo dzina lake silitchulidwanso kwawo kuno ku Maseya.

Atcheya a chipani, amene anaperekeza mlendoyo, anali pampando pomwepo, akudzikupiza ndi chipewa.

“Palibe, bambo,” anatero Esinala. “Ndinangodziwa ndekha.”

Mlendoyo analemba, nathokoza. Esinala sanachotse maso pa mbuzi imodzi yokalamba, imene Jeremiya anabwera nayo yekha pachingwe.