Nthenga Zokanidwa

"Zakanidwa," anatero kapitawo, akukankha thumba la nthenga ndi phazi.

Azimayi ososola nkhuku aja anaimitsa manja. Paja anthu a ku labotale anatengako nthengazo kukaziyeza, eti amafuna azipangira matabwa a siling'i, oika kudenga. Nthenga zenizenizi, anthuni.

"Zalephera mayeso, bwana? Sizinawerenge?" anafunsa Nakulongolola, onse n'kuseka.

"Azipeza ndi poizoni, mankhwala aja timapopera m'makola ophera utitiri. Akuti ukamapuma fumbi lake tsiku ndi tsiku, mapapo amatha. Ngakhale kudenga sizingakhale. Tiwotcha zonse."

Make mapasa, uja amasosolera pakona, anaika nkhuku yake pansi. Mwana wake mmodzi anamuika m'manda mwezi watha, chifuwa. Nkhani inali ponseponse yoti apongozi ake ndi amene anamulodza, mpaka anawathamangitsa pakhomo. Wotsalayo nayenso wayamba kutsokomola.

"Bwana," anatero chapansipansi, "nanga zikakhala mu pilo?"

Paja iye anatengako nthenga zomwezo kunyumba. Mapilo anasoka awiri, ofewa bwino, mwana aliyense wake. Chimwalirireni mnzake, wotsalayo amagonera onse awiri.