Timaliboni Tofiira

Mazira atatu aja anali atazizira ngati miyala ya mumtsinje. Mtsikanayo anawafumbata, atagwada pafupi ndi chisa chimene anachilondera zaka ziwiri m'nkhalango yotetezedwayo, akufufuza za mbalame yosowa kuti apeze digiri yachiwiri.

Kuzungulira chisacho kunali zidindo za nsapato zokhazokha. Timaliboni tofiira timene ankamanga m'mitengo kuti asasochere ndi timene tinalondolera alendo odzaona malo mpaka pamenepa.

"Ndani anauza woperekeza alendo za timaliboni tanga?" anafunsa mtsikanayo.

Aphunzitsi ake, amene ankayang'anira kafukufukuyo, anapukuta magalasi awo mosatekeseka.

"Ndine. Zaka ziwiri wakhala ukundilembera za mbalame yongodya n'kugona. Ndani angakupatse digiri pa zimenezo? Tinafunika kuona zimene zimachitika anthu akafika."

"Koma make wa mazirawa sabweranso, aphunzitsi."

"Eya, chaputala chachisanu cha kafukufuku wako n'chimenecho." Anatulutsa kasikelo m'chikwama n'kumupatsira. "Yeza limodzilimodzi, ulembe. Ndipo ngati ukufuna kulira, lirira kumbali. Misozi ingawonjezere kulemera kwa mazirawo."