Mvuu Wokana Mabwalo Onse Awiri

Padangokhala Nkhwali, mlimi wa mapira m'mbali mwa mtsinje. Tsiku lina anapeza mapira ake atadyedwa psiti, mapazi a Mvuu ali ponseponse.

Anakasuma ku bwalo la nyama za kumtunda, kumene woweruza anali Njati. Mvuu anangotulutsa mphuno m'madzi. "Pepani a Njati, ine ndine wa m'madzi. Bwalo lanulo silingandiweruze."

Nkhwali anakadandaula ku bwalo la m'madzi, kwa Ng'ona. Apo Mvuu anakwera kumtunda. "A Ng'ona, ine ndimadya msipu ngati ng'ombe. Malamulo anuwo sandikhudza."

Nkhwali sanataye mtima. Anaitanira oweruza onse awiri padooko m'mamawa, nthawi imene Mvuu amabwerera kumtsinje atakhuta. Mvuu atangoviika mutu m'madzi, Nkhwali anati, "Taimani pomwepo, achimwene."

"Mutuwu uli m'dera lathu," anatero Ng'ona, "ndipo ndi umene unadya mapira."

"Matakowa atsalira kwathu," anatero Njati, akunola nyanga pamwala.

Mpaka lero Mvuu akafika padooko sachedwa. Amadziponya m'madzi thupi lonse nthawi imodzi, kamchira kali pukupuku.