Njovu Inamvetsera

Galimoto inatifera ku Malama kutada. Ndinali ndi Mayi Lillian, katswiri wa piyano wodziwika mpaka ku London. Tecla, amene anatilandira, sanafunse n'komwe dzina. Anangowapatsa chitini ndi ndodo.

"Njovu yalowa m'munda mwanga, amayi. Menyani chitinichi kuti ithawe!"

Mayi Lillian anayamba mwamantha. Kenaka manja awo anakumbukira nyimbo imene ankapeka, chitini n'kuyamba kulira mokoma. Njovu inaima, inatambasula makutu, n'kupitiriza kudya chimanga mosafulumira.

"Mukuithamangitsa kapena mukuiimbira paukwati?" Tecla anakuwa. Analanda chitinicho n'kuchimenya mwankhanza mpaka njovu inathawa.

M'mamawa tikukwera lole, Mayi Lillian anapepesa, nalonjeza kudzabweranso.

"Mudzabwere ndithu, amayi," anatero Tecla. "Koma titakolola."