Dzanja la Dyton ndi Makina a ku Biriwiri

Panali munthu wina pa Ntcheu Boma, dzina lake Dyton, ndipo omudziwa akuti nkhaniyi inachitikadi. Ntchito yake inali yokonza mafiriji, koma mtima wake wonse unali pa makina akale ochapira ndi owumitsira zovala. Akangomva kuti kwinakwake kuli makina otayidwa, kaya ku esiteti yotsekedwa kaya kwa mmwenye amene akusamuka, sankakhazikika mpaka atawatenga. Ankawapala dzimbiri, kuwasintha malamba, kuwapaka penti, n'kuwandandalika mu shedi kuseri kwa nyumba. Kugulitsa ayi. Loweruka ankangowayatsa n'kumamvetsera kulira kwake.

Tsiku lina la msika kunafika bambo wovala bwino, nati dzina lake ndi Nathan. Anati amalume ake anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo pobwerera anabwera ndi makina ochapira okhala ndi chofinyira chopukusa pamanja. Amalumewo anamwalira, makinawo angokhala m'nyumba ku Biriwiri, ndipo banja lagwirizana zowapereka kwa munthu wodziwa kuwasamala. Anamuonetsa chithunzi pa foni. Dyton anali atafunafuna mtundu umenewu zaka zambiri.

Mkazi wake Loyce sizinamusangalatse.

"Bambo a Ulemu, munthuyu mwamudziwa lero lomwe," anatero, pomutchula ndi dzina la mwana wawo. "Yambani mwafunsa ogulitsa mbatata ya kachewere mumsikamu, ambiri kwawo n'komweko."

Dyton anayankha kuti akachedwa, ogula zitsulo zakutha akawaphwanya ndi nyundo. Loyce anapempha kuti mwina apite ndi mlamu wake. Anakananso.

M'mawa mwake Nathan anabwera ndi pikapu, iye mwini ali pa chiwongolero. Anafika m'mudzimo dzuwa litakwera, anthu onse ali ku madimba. Nyumba inali ya malata, pachitseko pali loko. Nathan anapapasa m'matumba, nati kiyi waiwala, ndiye anatenga chitsulo m'galimoto n'kuthyola lokoyo. Dyton anakayikira, koma atasuzumira m'kati n'kuona makina aja atafunditsidwa chitenje pakona, mafunso onse anathera pomwepo.

Anagwada ndi sipanala n'kuyamba kumasula miyendo kuti makinawo akwane pakhomo. Ankamva Nathan akulowa ndi kutuluka, koma sanacheuke. Pamene iye ankalimbana ndi mabawuti a dzimbiri, mnzakeyo anali akukweza mpope wa injini wothirira mbewu, matumba a feteleza ndi batire la sola. Kenaka anati akukatembenuza galimoto. Kulira kwa injini kunapita kutali, osabwereranso.

Mwini nyumba anali mayi wamasiye, a Eliness, ndipo Nathan sanali mbale wawo m'pang'ono pomwe. Mayiwo atabwera kudzatenga mbewu ya kabichi anapeza chitseko chili pululu, m'kati muli mwamuna wachilendo atagwira chitsulo. Anakuwa.

Anthu anathamanga kuchokera ku madimba, makasu ali m'manja. Mudziwo unali utaberedwa kangapo chaka chimenecho, ndipo palibe anafuna kumva chilichonse. Anamukokera Dyton pabwalo ndi miyendo. Mpini woyamba unatera pamsana, wachiwiri pakamwa, mano awiri n'kugwera m'fumbi. Dyton ankatchula dzina la Nathan, koma m'mudzimo munalibe womudziwa. Ankati aimbire mkazi wake, foni anaiponda ndi chidendene.

Wina anati abweretse petulo. Koma Edson, mwana wamkulu wa a Eliness, ataona kuti mpope ndi feteleza zapita, ananena kuti moto ndi wachangu kwambiri. Analamula anzake kutulutsa makina aja. Pamwamba pake panali chofinyira, zigudumu ziwiri za labala wouma zopanikizana, zomwe amalowetsamo chovala chonyowa n'kupukusa.

"Mumawafuna makina a bambo anga," anatero Edson. "Agwireni."

Amuna atatu anamupanikiza, n'kulowetsa zala za dzanja lamanja pakati pa zigudumuzo. Edson anapukusa. Mafupa anamveka kuthyoka, ndipo amayi ena anathawa atatseka makutu. Anapukusabe mpaka dzanja linalowa kufika pamfundo, magazi akutsikira m'mbiya ya makinawo. Dyton anakomoka.

A Eliness ndi amene anamupulumutsa. Anadzigwetsa pamwamba pake, nati amene akufuna kupitiriza ayambe wapha iwo, chifukwa safuna mtembo pakhomo pawo. Anthu anabwerera m'mbuyo mpaka apolisi anafika.

Ku chipatala madokotala anadula dzanjalo. Apolisi atafufuza anapeza kuti Nathan yemweyo anachitanso zoterezi m'midzi ina: ankatenga mmisiri wosadziwa kanthu, n'kumusiya m'nyumba ya eni kuti mkwiyo wa anthu ugwere iye. Sanagwidwe, akuti anawolokera ku Mozambique. Edson ndi anzake atatu anamangidwa, ndipo dimba la a Eliness linauma chaka chimenecho.

Patapita miyezi, a Eliness anakwera minibasi kudzamuona Dyton, atanyamula dengu la kachewere. Anakhala pakhonde. Dyton anafunsa za makina aja. Mayiwo anayankha kuti sakanatha kugona nawo m'nyumba, ndiye anauza anthu kuti awaphwanye n'kuwaponya m'chigwembe. Dyton, amene sanagwetse msozi ngakhale tsiku lomwe anamudula, anaphimba nkhope ndi dzanja lotsalalo n'kulira.

Phunziro: Chinthu ukachikonda mopitirira, wakuba amakukokera pomwepo. Musalowe m'nyumba ya eni ndi munthu amene mwamudziwa dzulo, ndipo wapabanja panu akakuchenjezani, imani kaye mufunse. Inunso ogwira wakuba, mumvereni musanakhetse magazi, chifukwa dzanja silimeranso. Tumizirani abale ndi anzanu, mwina mupulumutsa wina.